Tsiku la pa foni ndi mwezi wa kumwamba: mmene makina adaphunzirira kalendala yathu

Chaka chilichonse, mwezi wa Sha'ban ukamapita kumapeto, m'makomo ambiri a m'mbali mwa nyanja mumabuka kamkangano. Foni ya bambo ikunena kuti lero ndi pa 29, ya mwana ikunena kuti ndi pa 30, pomwe kalendala ya pakhoma yochokera kumzikiti ikunenanso zake. Ena amati foni ina yawonongeka, ena amati yodulayo ndiyo ikunena zoona. Koma kawirikawiri sipakhala foni yowonongeka. Iliyonse imakhala ikutsata mokhulupirika lamulo limene wolemba pulogalamu adaisankhira, ndipo malamulowo ali ndi mbiri yoyambira ku Madinah, kudzera ku Baghdad ndi ku Greenwich, mpaka m'maofesi a makampani a makompyuta ku America. Woidziwa mbiriyi amadziwa pamene angakhulupirire nambala ya pa foni, ndi pamene ayenera kudikira mawu a atsogoleri.

Sha'ban wa chaka chiti?

Olemba mbiri ya Chisilamu amasimba kuti m'masiku a Khalifa Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) kudafika chikalata cha ngongole yoyenera kubwezedwa m'mwezi wa Sha'ban. Khalifa adafuna kudziwa ngati akunena Sha'ban wa chaka chimenecho, wa chaka chatha, kapena wa chaka chamawa. Amasimbanso kuti Abu Musa al-Ash'ari adadandaula kuti makalata a Khalifa amamufika opanda chaka. Maswahaba atakambirana, cha m'ma 638, adagwirizana zoyamba kuwerenga zaka kuchokera m'chaka cha msamuko wa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), ndiponso kuti Muharram ukhale mwezi woyamba.

Miyezi idalipo kale, ndipo mchitidwe wakale wa Aluya wosuntha miyezi udali utaletsedwa. Chimene chidasowa ndi njira yolembera tsiku kuti wowerenga wa kutali, amene sangafunse wolembayo, amve chimodzimodzi. Limeneli ndi vuto lomwenso olemba mapulogalamu a pa intaneti akulimbana nalo lero.

Mwezi wa Chisilamu umayamba ndi kuoneka kwa mwezi watsopano, choncho umakhala ndi masiku 29 kapena 30 malinga ndi zimene maso aona. Koma akatswiri a zakuthambo ankafuna kalendala yoti awerengere zaka mazana zammbuyo ndi zam'tsogolo ali khale pa mkeka. Motero adakonza ya masamu okhaokha: mwezi woyamba masiku 30, wachiwiri 29, wachitatu 30, kusinthana choncho mpaka chaka chithe ndi masiku 354. Popeza mwezi weniweni umatenga masiku 29, maola 12 ndi mphindi pafupifupi 44, adaika lamulo lakuti pa zaka 30 zilizonse, zaka 11 zizikhala ndi masiku 355. Zaka 30 zikakwana, masiku amakhala 10,631. Pa zaka zambirimbiri masamuwa ndi olondola kwambiri, moti amataya tsiku limodzi lokha pakatha zaka pafupifupi 2,500. Koma pa mwezi umodzi, monga Ramadhan ya chaka chino, akhoza kusemphana ndi maso ndi tsiku limodzi kapena awiri.

Akatswiriwo sadagwirizanenso pa tsiku loyambira. Ena adawerenga 1 Muharram wa chaka choyamba kukhala Lachisanu pa 16 Julayi 622, ena Lachinayi pa 15 Julayi. Kusiyana kwa tsiku limodziku tikumana nakonso mkati mwa mafoni athu.

Manambala a nkhope ziwiri

Cha m'ma 825, mu mzinda wa Baghdad, Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi adalemba buku lofotokoza kawerengedwe ka Amwenye: zizindikiro zisanu ndi zinayi ndi ziro, chilichonse chotenga mphamvu yake pa malo amene chaimikidwa. Bukuli litamasuliridwa m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100, dzina la mlembiyo lidasanduka mawu akuti algorithm, amene lero amatanthauza ndondomeko imene kompyuta imatsata. Mu 1202 Leonardo wa ku Pisa, amene adaphunzira masamu ku Béjaïa m'dziko limene pano ndi Algeria, adafalitsa kawerengedweka ku Ulaya.

Pa ulendo wonsewu manambalawo adasintha nkhope. Kumadzulo, ku Morocco ndi ku Andalus, adatenga maonekedwe amene adabala 1, 2, 3 amene ana amaphunzira kusukulu. Kum'mawa, ku Cairo ndi ku Damascus, adatenga maonekedwe amene ana omwewo amawaona pa masamba a Qur'an ku madrassah, mmene ziro ndi kadontho ndipo 5 amafanana ndi ziro wa kusukulu. Mabuku osindikizidwa ku Iran ndi ku Pakistan ali ndi kalembedwe kawonso ka manambala ena. Chinanso n'chakuti ngakhale Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja, nambala monga 1447 imaima chimodzimodzi ngati m'Chichewa, chizindikiro cha masauzande chili kumanzere. Munthu amazolowera zonsezi ali wamng'ono, koma makina amayenera kuuzidwa chimodzichimodzi.

Ola loyamba ndi liti?

Asilamu adasamala za maola chifukwa cha swala. M'mizikiti ikuluikulu ya ku Egypt ndi ku Syria mudali katswiri wotchedwa muwaqqit, amene ntchito yake idali kuwerengera nthawi za swala. Wodziwika kwambiri ndi Ibn al-Shatir, amene cha m'ma 1371 adapanga wotchi ya mthunzi wa dzuwa pa mzikiti waukulu wa ku Damascus. Nthawi imeneyo mzinda uliwonse udali ndi masana akeake, olamulidwa ndi dzuwa la pamalopo. M'ufumu wa Ottoman mawotchi ankatcheredwa kuti aloze 12 dzuwa likamalowa, ndipo dziko la Turkey lidasiya kawerengedweka kuyambira mu 1926.

Kugombe la Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa m'mawa, kotero kuti 7 koloko yathu ndi ola loyamba. Chilankhulo chimenechi chidafika ku nyanja yathu ndi amalonda a minyanga ndi akapolo, monga Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba wa ku Nkhotakota, amene adakhazikika kumeneko cha m'ma 1840, komanso ndi maulendo a Ayao opita kugombe. Ngakhale mayina a masiku amasonyeza misewu yosiyana imene kawerengedwe kadadzera. M'Chichewa tsiku lachisanu ndi la Jumu'ah, chifukwa timayamba ndi Lolemba. M'Chiarabu tsiku lotchedwa lachisanu, al-Khamis, ndi Lachinayi lathu, chifukwa amayamba ndi Lamulungu. M'Chiswahili Jumatano, limenenso likutanthauza lachisanu, ndi Lachitatu lathu, chifukwa amayamba ndi Loweruka. Nambala ndi imodzi, masiku ndi atatu.

Sitima zapamtunda ndi matelegalamu ndizo zidathetsa masana a mzinda uliwonse. Mu 1884 nthumwi za mayiko 25 zidakumana ku Washington ndi kusankha Greenwich, ku London, kukhala poyambira kuyeza dziko. Pang'onopang'ono mayiko adagawidwa m'zigawo za maola. Malawi ili maola awiri patsogolo pa Greenwich, ola limene limagwirizana ndi mzere wa madigiri 30 kum'mawa. Koma Mangochi ili kupitirira pang'ono madigiri 35, ndipo digiri iliyonse ndi mphindi zinayi. N'chifukwa chake kumeneko dzuwa limafika paliombo wotchi isanakwane 12 koloko, kawirikawiri ndi mphindi 20 kapena kuposerapo, ndipo Dhuhr imalowa pafupifupi mphindi zisanu ndi imodzi isanalowe ku Lilongwe. Wotchi ya boma ndi imodzi dziko lonse, koma swala idatsalabe ndi dzuwa la pamalo.

Makina olankhula chilankhulo chimodzi

Makompyuta oyamba kufala adapangidwa ku America, ndipo adatengera zizolowezi za kumeneko. Mndandanda wa zilembo wotchedwa ASCII, wa mu 1963, udali ndi malo 128 okha, opanda chilembo chilichonse cha Chiarabu. Makina a Unix adasankha poyambira pawo kuwerenga nthawi: pakati pa usiku wa pa 1 Januwale 1970 pa ola la Greenwich, tsiku limene kwa Asilamu lidagwa m'mwezi wa Shawwal 1389. Mpaka lero makompyuta ndi mafoni ambiri amasunga nthawi ngati chiwerengero cha masekondi kuchokera pa usiku umenewo. Tsiku limene timaona pagalasi limachita kuwerengeredwa kuchokera ku nambala yaitaliyo.

Mu 1995 Brendan Eich, wa kampani ya Netscape, adalemba JavaScript, chilankhulo chimene chimayendetsa masamba a pa intaneti. Ntchito yoyambayo idatha m'masiku khumi okha, ndipo gawo lowerengera masiku lidatengedwa ku chilankhulo china chotchedwa Java, pamodzi ndi zilema zake. M'menemo Januwale ndi mwezi 0 ndipo Disembala ndi 11. Sabata imayamba Lamulungu, lomwenso ndi 0. Chaka chinkaperekedwa atachotsapo 1900, kotero kuti pofika mu Januwale 2000 masamba ambiri adalemba kuti chaka ndi 19100. Kalendala imene gawoli lidadziwa idali imodzi yokha, ya Papa Gregory XIII ya mu 1582.

Chisokonezo china chidabwera ndi ndandanda wa tsiku ndi mwezi. Ku America amayamba ndi mwezi, pomwe kuno timayamba ndi tsiku. Munthu wa ku Salima akaona 03/04 pa tikiti ya ndege yopita ku Jeddah amawerenga kuti ndi pa 3 Epulo, pomwe tsamba lolembedwa mwa chizolowezi cha ku America likutanthauza pa 4 Malichi. Funso la Khalifa Umar lidabweranso m'chovala china.

Kusunga kumodzi, kuonetsa kosiyana

Yankho lidapezeka pang'onopang'ono, ndipo mfundo yake ndi yosavuta: chinthu chisungidwe m'njira imodzi yosasintha, koma chionetsedwe kwa munthu aliyense m'chizolowezi cha kwawo. Mu 1988 bungwe la ISO lidatulutsa muyezo wa nambala 8601, wolemba chaka, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2025-03-04, kuti makina asamamvane molakwika. Mu 1991 kudatuluka Unicode, mndandanda wofuna kupereka malo kwa zilembo za zilankhulo zonse. M'menemo manambala a kum'mawa kwa Arabu ali ndi malo awo, ndipo a ku Iran ndi Pakistan ali ndi malo awonso.

Za maola, Arthur David Olson adayamba m'zaka za m'ma 1980 kusonkhanitsa mbiri ya mawotchi a dziko lililonse, ntchito imene Paul Eggert adaipitiriza, ndipo kuyambira mu 2011 nkhokweyi imasungidwa ndi bungwe la IANA. Dzina la ola lathu m'menemo ndi Africa/Blantyre, ndipo limaloza ku Africa/Maputo, popeza mawotchi a mayiko awiriwa akhala akuyenda limodzi kuyambira mu 1970.

Za zizolowezi za kalembedwe, kampani ya IBM idatsegulira anthu onse mapulogalamu ake otchedwa ICU mu 1999. Patapita zaka zochepa kudabadwa CLDR, nkhokwe imene pano ili m'manja mwa bungwe la Unicode, mmene mudalembedwa mayina a miyezi ndi masiku, ndandanda wa deti, zizindikiro za ndalama ndi tsiku loyamba la sabata, chilankhulo ndi chilankhulo, dziko ndi dziko. Mu Disembala 2012 JavaScript idalandira gawo latsopano lotchedwa Intl. Kuyambira pamenepo wolemba pulogalamu safunikanso kulemba yekha mayina a miyezi. Amangotchula chizindikiro cha chilankhulo ndi dziko, ndipo Chrome kapena Firefox imachita zotsalazo. Akatchula ar-EG, Chiarabu cha ku Egypt, manambala amatuluka m'kalembedwe ka kum'mawa. Akatchula ar-MA, cha ku Morocco, amatuluka 1, 2, 3.

Makalendala asanu a dzina limodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani ya mafoni osemphana aja. Akatswiri atafika pa kalendala ya Hijri adapeza kuti palibe lamulo limodzi limene Asilamu onse amatsata, ndipo m'nkhokwe ya CLDR mudalembedwa mayina asanu. Yotchedwa islamic-civil ndi kalendala ija ya masamu ya zaka 30, yoyambira pa 16 Julayi 622. Yotchedwa islamic-tbla ndi yomweyo, koma yoyambira pa 15 Julayi, choncho nthawi zonse imakhala tsiku limodzi patsogolo pa inzake. Yotchedwa islamic, popanda mawu ena, imayerekeza kayendedwe ka mwezi weniweni. Yotchedwa islamic-umalqura ndi kalendala ya boma la Saudi Arabia. Yachisanu, islamic-rgsa, ndi dzina la kalendala yodalira kuona mwezi ku Saudi Arabia, koma popeza palibe amene angalembe lero zimene maso adzaone chaka chamawa, dzinali silingapereke masiku a m'tsogolo popanda kubwerera ku masamu.

Ya Umm al-Qura ndiyo yafala kwambiri, ndipo ndi bwino kuimvetsa. Kuyambira m'chaka cha 1423 cha Hijri, lamulo lake ndi ili: pa 29 mwezi, ngati masamu akusonyeza kuti mwezi watsopano wabadwa dzuwa lisanalowe ku Makkah, ndiponso kuti mweziwo ulowa pambuyo pa dzuwa, ndiye kuti mawa ndi pa 1. Lamuloli silifunsa ngati diso la munthu lingauone, choncho nthawi zambiri limatsogola ndi tsiku limodzi poyerekeza ndi mayiko odalira kuona. Ngakhale ku Saudi Arabia komweko, kuyamba kwa Ramadhan ndi tsiku la Eid amalengeza ndi khoti lalikulu atamva umboni wa oona mwezi, ndipo chilengezocho chikhoza kusiyana ndi kalendala yosindikizidwa kale.

Opanga makina adavomereza malire amenewa. Kampani ya Microsoft itaika kalendala ya Hijri mu Windows, idaikamonso posinthira kuti mwini kompyuta awonjezere kapena kuchotsa mpaka masiku awiri. Mapulogalamu ambiri a nthawi za swala ali ndi posinthira potere. Kupezeka kwake ndi umboni wakuti deti losonyezedwalo ndi loyerekeza.

Pali chinanso chimene makina ambiri sadachiphunzire. Tsiku la Chisilamu limayamba pa Maghrib, pomwe la kompyuta limasintha pakati pa usiku. Pakati pa kulowa kwa dzuwa ndi 12 koloko usiku, foni ikhoza kusonyezabe pa 26 Ramadhan pomwe usiku wa 27 walowa kale. Ndipo nthawi zina mwezi umavutitsa ngakhale osunga mawotchi. Mu 2018 dziko la Morocco lidakhazikika pa ola limodzi patsogolo pa Greenwich, koma linkabweza mawotchi ndi ola limodzi m'nyengo ya Ramadhan. Choncho osunga nkhokwe ya maola ankayenera kuyerekeza masiku a Ramadhan a zaka zam'tsogolo, ndi kukonza pamene boma la kumeneko lalengeza zina.

Zimene zimafika pakhomo pathu

Nyanja yathu ili pa malire a zizolowezi zitatu. Munthu wochoka ku Nkhata Bay kupita ku Mbamba Bay ku Tanzania amapeza mawotchi ali ola limodzi patsogolo, ndipo foni imene yagwira netiweki ya tsidya lina ikhoza kusintha ola yokha. Wopita ku Metangula ku Mozambique amapeza ola lomwelo, koma kalembedwe kena ka ndalama. Kuno timalemba K1,500.50, mpatuliro kugawa masauzande ndi kadontho kugawa matambala. M'chizolowezi cha Chipwitikizi mpatuliro ndiwo umagawa tizigawo ta ndalama, kotero kuti 1,500 ikhoza kutanthauza imodzi ndi theka. Wogulitsa usipa kapena wotumiza ndalama kwa makolo ayenera kuyang'ana kawiri asanavomere.

Nthawi za swala nazo zimadalira zosankha. Pa Fajr, njira ya Muslim World League imawerenga dzuwa lili madigiri 18 pansi pa chizimezime, ya Umm al-Qura 18.5, ya ku Egypt 19.5, pomwe ya ku North America imatenga 15. Kusiyanaku kukhoza kupitirira mphindi 15, zomwe si zochepa kwa munthu wosala amene akufuna kudziwa nthawi yosiyira kudya. Pa Asr, madhhab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a m'mbali mwa nyanja amatsata, amayamba mthunzi ukawonjezeka kufanana ndi kutalika kwa chinthu, pomwe a Imam Abu Hanifa amadikira kuti uwonjezeke kawiri. Pulogalamu yolembedwera anthu a ku Karachi ikhoza kubwera itatcheredwa kale pa njira yachiwiriyi.

Zakat nayo imawerengedwa pa chaka cha mwezi, chimene n'chachifupi ndi masiku pafupifupi 11 poyerekeza ndi cha dzuwa. Wodalira chikumbutso cha foni cha pa deti la Chizungu amachedwa pang'ono chaka chilichonse, ndipo pakatha zaka 33 amakhala atataya chaka chathunthu cha gawo la osauka.

Kwa achinyamata athu amene akuphunzira kulemba mapulogalamu, mbiriyi ikupereka malangizo omveka. Sungani nthawi m'njira imodzi pamodzi ndi dzina la chigawo cha ola. Lembani mwezi ndi dzina lake, osati nambala yokha. Mukaonetsa deti la Hijri, nenani pambali pake kalendala imene mwatsata, ndipo perekani posinthira kuti mzikiti kapena bungwe lilowetse tsiku limene lalengezedwa. Chizindikiro cha Chichewa m'makinawa ndi ny, koma dziwani kuti chilankhulo chikasowa m'makina a wowerenga, Intl siichenjeza, imangotenga china chimene ili nacho. Nkhokwe ya CLDR imadzazidwa ndi anthu odzipereka olankhula zilankhulozo, ndipo Lolemba kapena Loweruka zimaoneka pagalasi pokhapokha wina atazilembamo.

Kwa ife tonse m'makomo, akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tisanakangane pa deti, titsegule pulogalamuyo ndi kuona kalendala ndi njira zimene idatcheredwa, ndipo tizifananize ndi ndandanda wa mzikiti wathu. Pa ola la sitima ya Ilala, pa malipiro a sukulu ndi pa tikiti ya Hajj, foni ndi mthandizi wodalirika ngati taiwerenga bwino. Koma pa 29 Sha'ban ndi pa 29 Ramadhan, nambala ya pagalasi imangotiuza nthawi yotuluka panja kukayang'ana kumadzulo ndi kutchera khutu ku chilengezo cha atsogoleri athu. Al-Khwarizmi ndi anzake adatisiyira masamu, Maswahaba adatisiyira chaka choyambira, koma umboni wa mwezi udakali m'manja mwa anthu. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.